PAIPI YA PAKHOSI ISAPITE M'MANJA OSAZOLOŴERA

Dzuŵa likamapendeka, mseu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja umakhala ndi piringupiringu. Amalonda akubwerera kwao, a kabaza akuthamangira okwera otsiriza, malole nao akulimbirana mpata womwewo. Woŵerenga ayerekeze kuti madzulo otere njinga yamoto yaombana ndi lole, ndipo mnyamata amene adakwera kumbuyo wagwa chamutu pa phula. Akamuitana sakuyankha. Akuliza mkonono ngati munthu amene ali m'tulo tofa nato, ndipo magazi osakanikirana ndi masanzi akutuluka pakamwa pake. Anthu amzinga. Ena akuti amthire madzi, ena akuti amkweze pa galimoto iliyonse imene ingaime. Mkangano uli m'kati, ambulansi yatulukira.

Munthu wotsika m'ambulansimo ali ndi mphindi zoŵerengeka chabe. Mkonono ukumvekawo si wa tulo ayi, koma ndi lilime limene lagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Ubongo ukasoŵa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuonongeka, ndipo choonongekacho sichibwerera mwakale. Tsono funso nali: kodi wa m'ambulansiyo achite chiyani ndi khosi la mnyamatayu?

Ena angayankhe msanga kuti ku Ulaya ndi ku America kuli ogwira ntchito m'ambulansi otchedwa ma paramedic, amene amaloŵetsa paipi m'kholingo la wovulala pamseu pomwepo, choncho Malaŵi nayenso aphunzitse onse a m'ambulansi kuchita chimodzimodzi. Maganizo ameneŵa ndi okoma m'makutu, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Paipi ya pakhosi ndi chida chopulumutsa moyo, komatu m'manja osazoloŵera imapha mwakachetechete. Iyenera kuperekedwa kwa anthu oŵerengeka amene aphunzira mokwanira, amene saleka kuyeseza, ndiponso amene ali ndi makina otsimikizira kuti paipiyo yaloŵa pa khomo loyenera. Ena onse aphunzire bwinobwino njira zapafupi zotsekulira mpweya, zimene nthaŵi zambiri zimakwanira kufikitsa munthu kuchipatala ali moyo.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri maboma a Machinga ndi Balaka, amene adali boma limodzi mpaka 1998. Mseu wa M1 umadutsa ku Chingeni ndi ku Phalula, wa M8 umalumikiza Balaka ndi Liwonde, pamene wa M3 umachoka ku Zomba, kudzera ku Liwonde ndi ku Ulongwe, kulinga ku Mangochi. M'chaka cha 2019 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi World Bank, udayamba kuyesa ntchito ya ambulansi za ngozi pa mseu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo anthu adapatsidwa nambala ya 118 yoti aziimbapo. Ntchito yotere ikamakula, funso la zimene wa m'ambulansi aloledwe kuchita silingazembedwe.

MAKOMO AŴIRI OGUNDIZANA

Pakhosi pa munthu pali makomo aŵiri ogundizana. La kutsogolo ndi kholingo, limene limatsikira kumapapo. La kumbuyo ndi mmero, umene umatsikira m'chifu. Munthu wabwinobwino akamameza, kachiŵalo kena konga tsamba kamavundikira kholingo kuti chakudya chisasochere, ndipo kanyenyeswa kakaphonya njira iye amatsamwa n'kutsokomola. Wokomoka alibe mlonda ameneyu. Magazi ndi masanzi zimatsikira kumapapo popanda choletsa.

N'chifukwa chake madokotala adapeza nzeru yoloŵetsa paipi. William Macewen wa ku Glasgow adachita zimenezi kudzera pakamwa m'chaka cha 1878, ndipo mu 1943 Robert Macintosh wa ku Oxford adakonza chitsulo chokhota chokhala ndi getsi kunsonga, chimene mpaka lero chimagwiritsidwa ntchito potukula lilime kuti khomo la kholingo lioneke. Paipiyo ikaloŵa, kabaluni kake kamafufumitsidwa n'kutseka m'mbali monse, kotero kuti mpweya umafika kumapapo koma masanzi sapeza poloŵera. Ikakhala pamalo pake, palibe njira ina yotetezera mapapo yoposa imeneyi.

Vuto ndi lakuti khomo la kholingo ndi laling'ono ndiponso lobisika, pamene mmero uli pomwepo kumbuyo kwake ndipo sukana mlendo. Paipi ikaloŵa kummero, wothandizayo amapopera mpweya m'chifu. Mimba imafufuma, nthaŵi zina chifuwa chimaoneka ngati chikukwera, ndipo oimirira pambali amapuma kuti wodwala wathandizidwa. Chonsecho mapapo sakulandira kanthu. Wodwalayo sangadandaule, sangaphiriphithe, amangozima pang'onopang'ono, paipi ili pakamwa.

Palinso china chimene ambiri sachidziŵa. Munthu wovulala m'mutu kaŵirikaŵiri amaluma mano, ndipo kuti paipi iloŵe pamafunika kumbaya mankhwala omgonetsa ndi ena ofoola minofu yonse ya m'thupi, kuphatikizapo yopumira. Mankhwala ameneŵa akangoloŵa m'mitsempha, kupuma pang'ono kumene wodwalayo adali nako kumalekeratu. Wombayayo akalephera kuloŵetsa paipi, n'kulepheranso kumpopera mpweya mwa njira ina, ndiye kuti walanda munthu mpweya wochepa umene udali kumsunga.

ZIMENE MAIKO OLEMERA ADAPHUNZIRA MOŴAŴA

Maiko amene adayamba kale ntchitoyi adalipira mtengo waukulu asanaimvetse. Ku Orlando, m'chigawo cha Florida ku America, madokotala adaganiza zofufuza paipi iliyonse imene idafika pachipatala chao itaikidwa ndi a m'ambulansi. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2001. Mwa odwala 108, odwala 27 adafika paipi ili pamalo olakwika, ndipo mwa ameneŵa 18 idali kummero. Uku ndiye kuti wodwala mmodzi mwa anai alionse adanyamulidwa ndi paipi yosochera, oikawo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti agwira ntchito yabwino.

Chaka cha 2000 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa ana 830 a ku Los Angeles ndi Orange County. Ena a iwo adathandizidwa ndi chithumba chopopera mpweya ndi chophimba pamphuno ndi pakamwa basi, pamene ena adakonzeredwa paipi. Mwa a chithumba adapulumuka 30 pa 100 alionse, mwa a paipi 26 pa 100 alionse. Paipi sidaonjezere kanthu. Ku England nako, mu 2018, kafukufuku wa AIRWAYS-2 adayerekeza paipi ndi chida china chofeŵa chimene chimangokhala pakhomo pa kholingo osaloŵa m'kati, pa odwala 9,296 amene mtima wao udaima ali kunja kwa chipatala. Ochira bwino adali pafupifupi 6 kapena 7 pa 100 alionse mbali zonse ziŵiri. Ndipo kafukufukuyu asanachitike n'komwe, mu 2010, a ambulansi za mumzinda wa London adali ataleka kale kuphunzitsa ma paramedic atsopano kuloŵetsa paipi.

Chifukwa chake si uchitsiru wa ogwira ntchitowo ayi, koma kuchepa kwa mpata woyeseza. M'chigawo cha Pennsylvania adaŵerenga mapaipi onse amene adaikidwa kunja kwa chipatala m'chaka cha 2003, ndipo adapeza kuti 39 mwa ogwira ntchito 100 alionse sadaikepo ngakhale paipi imodzi chaka chonsecho. Pafupifupi theka la otsalawo adaika imodzi kapena ziŵiri. Mlimi amene amagwira khasu kamodzi pachaka sangaunde mzere woongoka. Nanga kuli bwanji munthu amene akufunafuna khomo laling'ono ngati chala, m'kamwa modzaza magazi, atagwada pa phula, usiku, akuunikiridwa ndi tochi ya pafoni?

PHUNZIRO LA M'MALAŴI MOMWE MUNO

Wina asaganize kuti nkhani ino ikunyoza antchito a zachipatala amene sali madokotala. Dziko lino lakhala likudalira anthu otere kuyambira kale. Maphunziro a ma clinical officer adayamba mu 1976, zaka 15 sukulu ya udokotala ya College of Medicine isanatsekulidwe mu 1991. Mu 1988 Dr. Paul Fenton adayambitsa sukulu yophunzitsa ogonetsa odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ochokera kusukulu imeneyi ndiwo akhala akugonetsa odwala m'zipinda za opaleshoni za m'maboma. Iwo ndi umboni wakuti munthu wosakhala dokotala angathe kuphunzira ntchitoyi n'kuigwira mwaluso. Komatu iwo amaphunzira kwa nthaŵi yaitali, pansi pa maso a aphunzitsi, ndipo akamaliza amakhalira yomweyo tsiku ndi tsiku.

Kufunika kwa maphunziro kudaonekera poyera mu 2003, pamene Dr. Fenton ndi anzake adasindikiza zotsatira za opaleshoni zoberekera 8,070 zochitika m'zipatala 25 za m'dziko lino. Amai 85 adamwalira, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zidachulukitsa imfa chidali kuchepa kwa maphunziro a wogonetsayo. Zimenezi zidali m'chipatala, momwe muli getsi, tebulo ndi omthandiza. Pamseu zonsezi palibe.

Phunziro lachiŵiri ndi la kamakina kotchedwa capnograph. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Munthu akapuma, mapapo amatulutsa mpweya woipa wa carbon dioxide, pamene chifu sichitulutsa mpweya umenewu mopitirira. Kamakinako kakalumikizidwa kupaipi kamajambula mzere wokwera ndi kutsika pa kupuma kulikonse. Mzere ukaoneka mobwerezabwereza, paipi ili m'kholingo. Ukapanda kuoneka, paipi yasochera ndipo iyenera kuzulidwa. Njira zina zimene anthu amadalira, monga kumvetsera pachifuwa kapena kuona nthunzi m'paipi, zanamiza akatswiri ambiri. Kamakina kena kopana pachala, koyeza mpweya wabwino m'magazi, n'kofunika ndithu, koma kamachenjeza mochedwa, mpweya utatsika kale.

Mu Januwale 2017 gulu la akatswiri a zogonetsa odwala, a kuno ndi a kunja, lidapereka ma capnograph 40 ku zipatala 8 za m'dziko lino, n'kuphunzitsa ogonetsa 32 kagwiritsidwe kake. Pa nthaŵi imeneyo m'zipatala zonsezo mudali chipinda chimodzi chokha cha opaleshoni chimene chidali ndi kamakina kotere. Patapita miyezi 6, ogonetsa 24 adanena kuti adazindikira mapaipi 44 amene adaloŵa kummero. Chiŵerengero chimenechi chiyenera kulingaliridwa mofatsa. Ameneŵa ndi anthu amene kuloŵetsa paipi ndiyo ntchito yao ya masiku onse, koma paipi idaŵasocherera maulendo 44 m'theka la chaka. Kusochera kwa paipi si mlandu, pakuti kumachitikira aliyense. Choopsa ndi kusazindikira kuti yasochera. Ngati katswiri wa m'chipatala akufuna kamakina kameneka, nanga wa pamseu angachite bwanji popanda iko?

MASAMU OSAVUTA

Pali masamu amene mwana wa Fomu 1 angathe kuŵerengera. Kafukufuku wa ku Switzerland wosindikizidwa mu 1998 adatsata madokotala amene adali m'chaka choyamba cha maphunziro a zogonetsa odwala, ndipo adapeza kuti pamafunika kuyesa pafupifupi maulendo 57 kuti munthu azikhoza maulendo 9 mwa 10 alionse. Tsono boma limodzi litafuna kuphunzitsa antchito 20 a m'ambulansi, pangafunike odwala 1,140 oti aphunzirirepo. Chidole cha pulasitiki chimathandiza kuzoloŵeza manja, koma sichisanza, sichitaya magazi, ndipo khosi lake ndi lomwelo lero ndi maŵa.

Odwala ameneŵa angachokere kuti? Malo oyenera kuphunzirirapo ndi chipinda cha opaleshoni, monga cha chipatala cha Machinga ku Liwonde, cha Balaka, kapena cha chipatala chachikulu cha Zomba. Koma opaleshoni yochuluka m'zipatala za m'maboma ndi yoberekera, ndipo amai ambiri amabayidwa jekeseni ya pamsana yochititsa dzanzi, imene sifuna paipi konse. Odwala ochepa ofuna paipiwo akudikiridwanso ndi ophunzira za kugonetsa odwala, amene ntchitoyi ndi yao yeniyeni. Kugaŵira anthu 20 mpata wochepawu kungatulutse anthu 20 odziŵa mwatheka. Ndi bwino kuupereka kwa anthu atatu kapena anai kuti adziŵe kwathunthu.

Ndipo paipi ikaloŵa ntchito siinathe. Wodwala wogonetsedwa sapuma yekha, choncho wina ayenera kufinya chithumba kamodzi pa masekondi 6 alionse, ndiye kuti maulendo 600 pa ola limodzi, osaphonya, osathamanga. Kuchokera ku Liwonde kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo wochokera kumidzi ya kwa Chikweo, kwa Ngokwe kapena ku Utale ali ndi mtunda wina woyamba kuutha, mwina pa mseu wafumbi wa mabampu. Mutu wa wodwala ukagwedezeka, paipi imatha kusuntha n'kutuluka m'kholingo popanda woona. Kumapeto kwa ulendowo kuyeneranso kukhala bedi lokhala ndi makina opumitsa munthu, ndipo mabedi otere m'dziko lino ndi oŵerengeka, ambiri ali m'zipatala zazikulu. Woika paipi pamseu ayenera kudziŵa kumene ikukathera.

MAU A OTSUTSA

Otsutsa ali ndi mfundo yoyenera kuimva. Iwo angati: ku London ndi ku Los Angeles chipatala chili pafupi, n'chifukwa chake chithumba chimakwanira. Ku Machinga ndi ku Balaka ulendo ndi wautali, ndipo wovulala m'mutu angathe kusanza panjira n'kutsamwa. Angatinso kafukufuku wa ku England adali wa anthu oima mtima, osati ovulala pa ngozi za pamseu. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe angakane kuti alipo odwala ena amene paipi yokha ndiyo ingaŵapulumutse.

Koma mbiri ya ovulala m'mutu yomweyo ili ndi nkhope ziŵiri. Ku San Diego, ku America, ma paramedic adaloledwa kugonetsa ovulala m'mutu ndi kuŵaika paipi, ndipo zotsatira zosindikizidwa mu 2003 zidaonetsa kuti mwa oikidwa paipi adamwalira 33 pa 100 alionse, pamene mwa ovulala mofanana nao amene sadaikidwe adamwalira 24 pa 100 alionse. Ofufuzawo adapeza kuti mpweya wa odwala ambiri unkatsika kwambiri pa nthaŵi yolimbana ndi paipi, ndiponso kuti ena ankapoperedwa mothamanga, zimene zimachepetsa magazi opita kuubongo. Pamene ku Victoria, ku Australia, ntchito yomweyo idaperekedwa kwa ma paramedic osankhika okha, ophunzira mwapadera za odwala kwakayakaya. Zotsatira za mu 2010, za ovulala 312, zidaonetsa kuti mwa oikidwa paipi pamseu adachira bwino 51 pa 100 alionse, poyerekeza ndi 39 mwa oikidwa atafika kuchipatala.

Paipi idali yomweyo m'maiko aŵiriwo, koma kwina idavulaza, kwina idathandiza. Phunziro lake ndi lakuti phindu la paipi lagona pa manja oigwira, zida zoiyang'anira ndi dongosolo loizungulira. Kutalika kwa mtunda sikuchepetsa zofunika zimenezi, koma kumazichulukitsa. Paipi yosochera pa ulendo wa mphindi 5 mwina ingazindikiridwe pachipatala munthu akadali moyo, koma pa ulendo wa ola limodzi palibe chopulumuka. Kuthamanga sikufika.

ZOYENERA KUCHITIKA

Choyamba, aliyense wokwera m'ambulansi, dalaivala yemwe, aphunzire kutsekula njira ya mpweya ndi manja. Kukankhira nsagwada kutsogolo popanda kupinda khosi kumachotsa lilime pamene latseka, ndipo nthaŵi zambiri mkonono umalekera pomwepo. Aphunzire kugoneka wokomoka chammbali, mutu ndi msana zitagwiridwa kuti zisapotoke, kuti masanzi azitsikira pansi. Aphunzirenso kugwiritsa ntchito chithumba chopopera mpweya anthu aŵiri, wina atagwira chophimbacho ndi manja onse, wina akufinya. Chithumba chimenechi chidatulukira ku Denmark mu 1956, sichifuna magetsi, koma kuchigwira bwino ndi luso lofuna kuyeseza kaŵirikaŵiri. Apolisi a pamseu, a kabaza ndi madalaivala a minibasi nao aphunzitsidwe zoyambirirazo, popeza ndiwo amafika msanga pamalo a ngozi, ndipo adziŵe kuti wokomoka samwetsedwa madzi.

Chachiŵiri, ambulansi iliyonse ikhale ndi zida zoyambira zisanagulidwe zapamwamba: silinda ya okosijeni yodzaza, chithumba cha akulu ndi cha ana, chida chokokera magazi ndi masanzi chogwira ndi dzanja kapena phazi, ndi kamakina kopana pachala. Kaŵirikaŵiri ambulansi ya m'boma imanyamula dalaivala ndi namwino, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusamutsa odwala, makamaka amai oyembekezera, kuchokera kuzipatala zazing'ono. Zida zimenezi zingathandize mai wokomoka ndi khanda lobanika monga momwe zingathandizire wa ngozi ya pamseu. Kugula mapaipi ndi zitsulo zake pamene silinda ili gwangwa ndi kumanga denga nyumba isanaime.

Chachitatu, anamwino ndi ma clinical officer operekeza odwala aphunzitsidwe chida chokhala pakhomo pa kholingo chija. Chida cha mtundu umenewu adachiyambitsa ndi Dr. Archie Brain ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chimaloŵetsedwa popanda kufunafuna khomo ndi maso, ndipo munthu amachidziŵa atayesa maulendo ochepa. Sichitchinga masanzi kotheratu monga paipi, ndiponso wodwala woluma mano sangachilandire, koma kwa wokomokeratu chimakhala mlatho wabwino wofikira kuchipatala.

Chachinai, paipi yeniyeniyo ikhale ya gulu lochepa lodziŵika ndi maina. Mabungwe oyang'anira antchito a zaumoyo, a Medical Council of Malawi amene adakhazikitsidwa mu 1987 ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi, pamodzi ndi sukulu monga Malawi College of Health Sciences ndi Kamuzu University of Health Sciences, ndiwo oyenera kulemba poyera kuti wololedwa ndani, wayesa kangati pamaso pa mphunzitsi, ndipo azibwerera kangati pachaka m'chipinda cha opaleshoni kukanola luso lake. Aliyense akhale ndi buku lolembamo paipi iliyonse imene waika. Chilolezo chake chisakhale chamuyaya ngati satifiketi ya sukulu, koma chizitha munthu akakhalitsa osayeseza. Ndadziŵa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lamulo lina likhale losasinthika: popanda capnograph, paipi isaikidwe pamseu. Mu 2018 bungwe la madokotala ogonetsa odwala ku Britain, la Royal College of Anaesthetists, lidalengeza kwa mamembala ake kuti mzere ukapanda kuoneka, paipi iyesedwe yosochera, ngakhale mwa munthu amene mtima wake waima. Mu 2022 mabungwe a maiko angapo adagwirizana pa malangizo ofanana ndi ameneŵa. Kale wina akadati makina otere ndi a maiko olemera, koma ntchito ya mu 2017 ija idaonetsa kuti amagwira bwino m'zipatala za kuno, ndipo mu 2023 mabungwe a Smile Train ndi Lifebox adatulutsa capnograph yopangidwira zipatala za maiko osauka. Woikayo alekenso kukakamira. Akayesa kaŵiri osakhoza, abwerere ku chithumba, pakuti kuyesa kulikonse ndi nthaŵi imene wodwala sakulandira mpweya, ndipo khosi limanka litupa.

Chotsiriza, chipatala cholandira wodwala chizifufuza paipi iliyonse pakhomo pomwe ndi kulemba zimene chapeza, monga adachitira a ku Orlando. Cholinga chisakhale kusaka wopalamula, chifukwa wantchito woopa chilango amabisa cholakwa, ndipo cholakwa chobisika chimabwereza. Wamng'ono pantchito, kaya ndi namwino wongoyamba kumene kaya dalaivala, akhale ndi ufulu wonena kwa wamkulu wake kuti mzere sukuoneka. Ulemu kwa akulu ndi mwambo wabwino wa dziko lino, koma ulemu wokhala chete munthu akubanika ndi wopweteka.

Tsono nkhani ibwerere pa mseu wa ku Ntaja paja. Wotsika m'ambulansi uja wagwada kumutu kwa mnyamatayo. Wauza mmodzi mwa oimirira kuti agwire mutu usagwedezeke, wakoka magazi ndi masanzi m'kamwa, wakankhira nsagwada kutsogolo, ndipo mkonono waleka. Wamuika okosijeni, wampana kamakina pachala, ndipo dalaivala waimba foni ku Liwonde kuti wogonetsa odwala akhale wokonzeka. Paipi idzaloŵa kuchipatala, m'manja mwa munthu amene adaika ina dzulo, pansi pa getsi, mzere ukuoneka pa kamakina. Oonerera mwina anganene kuti wa m'ambulansiyo sadachite zambiri. Koma makolo a mnyamatayo akadzafika pachipatala sadzafunsa kuti mwana wao adaikidwa chida chanji panjira. Funso lao lidzakhala lakuti, kodi akupuma?